Kodi gulu lathu lingaphunzitse ikebana popanda satifiketi?

FUNSO: Akonzi, ndife gulu la anthu okonda maluwa ndipo timakumana kawiri pa mwezi kuphunzira ikebana, luso la ku Japan lokonza maluwa m'chotengera. Anthu ena akutipempha kuti tiziwaphunzitsa, koma palibe mmodzi wa ife amene ali ndi satifiketi, komanso mabuku athu akunena zosiyanasiyana. Tichite bwanji? Ndine mlembi wa gululi.

YANKHO: Zikomo alembi chifukwa cha funso lanu. Mabukuwo akusiyana chifukwa ikebana ili ndi sukulu zambiri, iliyonse ndi malamulo ake. Yakale kwambiri ndi Ikenobo, imene inachokera kwa ansembe a Chibuda a pakachisi wa Rokkakudo ku Kyoto, ndipo zolembedwa za mu 1462 zimatamanda kale Ikenobo Senkei chifukwa cha luso lake. Sukulu ya Ohara inabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kakonzedwe ka moribana, koika maluwa m'mbale yosaya, pamene ya Sogetsu inakhazikitsidwa mu 1927 ndi Teshigahara Sofu, amene ankakhulupirira kuti aliyense angathe kuchita ikebana kulikonse, pogwiritsa ntchito zomera zimene ali nazo.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti musankhe sukulu imodzi ndi kuitsatira mpaka manja azolowere, chifukwa wophunzira watsopano amasokonezeka akauzidwa malamulo a sukulu zitatu nthawi imodzi. Ine ndingasankhe moribana ya Sogetsu, popeza imafuna zipangizo zochepa: mbale yosaya, sizasi yakuthwa ndi kenzan, kachitsulo kolemera kokhala ndi timisomali toloza m'mwamba pamene amabayapo nthambi.

Phunziro loyamba likhale la nthambi zitatu. Yayitali, yotchedwa shin, imapimidwa pophatikiza kutambalala kwa mbale ndi kuya kwake, n'kuwonjezerapo theka la muyeso umenewo. Yachiwiri, soe, imakhala magawo atatu mwa anayi a shin, ndipo yachitatu, hikae, imafupikirapo. Pakakonzedwe koongoka, shin imapendekeka pang'ono chabe, mwina madigiri 15, soe madigiri 45, ndipo hikae imatsika mpaka madigiri 75 cha kutsogolo. Chimene chimavuta ophunzira ambiri ndi kusiya mpata, pakuti mtima umafuna kudzaza mbale yonse ndi maluwa. Komatu mpatawo, pamodzi ndi madzi ooneka m'mbalemo, ndiwo amaonetsa kupindika kokongola kwa nthambi iliyonse. Aphunzitseninso mizugiri, kudula tsinde lili m'madzi kuti mpweya usatseke njira imene duwa limamwera, apo ayi ntchito yawo ikhoza kufota msanga.

Pa nkhani ya satifiketi, iyo imaperekedwa ndi sukulu, imene mtsogoleri wake amatchedwa iemoto, kudzera mwa aphunzitsi ovomerezeka. Choncho mukhoza kugawana ndi ena zimene mukudziwa, ndipo ndikukulimbikitsani ndithu kutero, bola muwauze poyera kuti ndinu gulu lophunzirira limodzi ndipo musalonjeze munthu satifiketi. Pofunafuna mphunzitsi, lemberani bungwe la Ikebana International, limene Ellen Gordon Allen analiyambitsa ku Tokyo mu 1956 ndipo lili ndi nthambi m'maiko ambiri. Ngakhale mmodzi yekha wa inu atamaphunzira kwa mphunzitsi wovomerezeka, akhoza kumawongolera anzake pa msonkhano uliwonse.