Galimotoyo muyiimike kaye, achimwene

Achimwene, mwafunsa m'gulu muno za Corolla yanu yonunkha petulo. Galimotoyo muyiimike lero lomwe. Awa akukuuzani m'makomenti kuti Corolla yakale kununkha petulo ndi chibadwa chake asiyeni, sanaonepo moto ukutuluka pansi pa boneti ana ali kumpando wakumbuyo. Mwanena nokha kuti m'mawa mukumapeza padontha pansi ndipo paipi ya petulo yachita ming'alu. Za kukulunga ndi tepi kapena malegeni muiwale, petulo amasungunula zonsezo.

Yanga inali Corolla ya mtundu wa AE100 ngati yanuyo, injini ya 5A-FE. Fungo litayamba ndinapita nayo kwa makaniko wina amene anzanga kuntchito ankamutama kuti ndi dolo pa ma Toyota. Ndinamuuza bwinobwino kuti ndili ndi ulendo wa ku Ntcheu kumaliro, ndinyamula banja. Anati bwana musadandaule, paipi ndakuikiraniyi mukhoza kukafika nayo ku Joni. Ndalama ya paipi yatsopano ndinamupatsa, ya ntchito padera, mpaka ya Fanta.

Tinanyamuka mu Lilongwe m'mamawa. Kutsogolo ine ndi mayi a kunyumba, kumbuyo apongozi ndi ana. Mu buti munali thumba la ufa, kabichi, ndi chigubu cha petulo wobwerera, paja mukukumbuka nthawi ya mizere ija kuti ukapeza mafuta umayenera kuganizira za pobwera. Titadutsa Dedza, tisanafike pa Lizulu, galimoto inayamba kutsamwa pokwera kamtunda. Ndikaponda moto ikukana. Kenako fungo linalowa lamphamvu moti mwana wamng'ono anayamba kutsokomola. Apongozi akuti "bambo, kodi si mafuta amenewa?" Ndisanayankhe ndinangomva kuti phuu, utsi wakuda uli tolotolo m'mbali mwa boneti, penti ikutukusira ndikuona ndi maso angawa.

Ndinaikhotetsera kumbali n'kuzimitsa. Mayi a kunyumba atuluka kale akukuwa, akukoka chitseko chakumbuyo, chitseko chili gwa, chifukwa poyenda loko anali atatsekeka ndipo mkati muli child lock, loko woletsa ana kutsegula chitseko ali mkati. Mwana wamkulu akumenya galasi ndi manja, maso ali tong'o, akundiyang'ana ine. Nkhope imene ija sindidzaiiwala. Ndinalowanso m'galimoto kudzera kutsogolo, utsi ukutuluka m'mabowo a mphepo aja, kukatukula kaloko ndi dzanja. Ana ndinachita kuwaponyera pa udzu. Apongozi miyendo imawavuta, lamba wawakola m'chitenje, akungoti "Yesu, Yesu," ine manja ali njenjenje batani la lamba osalipeza. Mutu wonse uli pa chigubu chija. Mnyamata wina wogulitsa mbatata ndi amene anandithandiza kuwanyamula, nsapato imodzi inatsalira momwemo.

Anthu anathamanga kuchokera m'midzi ya m'mbali mwa msewu. Mayi wina anabwera ndi ndowa ya madzi, mtima wabwino ndithu, koma dalaivala wa thiraki amene anaima kumbuyo kwathu anawakuwira kuti asathire. Petulo amayandama pamadzi, moto umangoyenda nawo. Ine ndimafuna kutsegula boneti yonse, iye anandikankha, akuti mukaupatsa mphepo ukulandirani kumaso. Anangoitukula pang'ono n'kulowetsa chozimitsira moto chake cha ufa chija, anyamata akuthira dothi pa petulo amene amayaka pansi. Unazima. Ndinakhala pansi m'mbali mwa M1 osatha kuyankhula, wina anandipatsa madzi ndinalephera kugwira kapu. Maliro anaika ife kulibe, ndipo kuchimuna kwa mkazi wanga mpaka pano alipo amene amati mkamwini anachita dala.

Itazizira, dalaivala uja anandionetsa. Paipi yochokera pa fyuluta kupita ku injini imabwera yofinyidwa kale ndi chitsulo kumapeto konse kuchokera ku fakitale. Makaniko uja anaidula n'kulumikiza ndi kachidutswa ka paipi yakale ya galimoto ya kabuleta (kachipangizo ka magalimoto akale kosakaniza petulo ndi mpweya), mbali imodzi kalampu, mbali inayo waya wopota ndi pulayala. Waya! Paipi yatsopano ndinalipira ija sinagulidwe n'komwe. Nditamuimbira foni anayamba ndi "ndani kodi?" Kenako akuti mwina munathira mafuta a pa black market osakaniza ndi parafini. Nditapita pamaso n'kumuonetsa chidutswa chopsereracho anayang'ana kumbali, akuti bwana zinazi muzikafufuza kumudzi, pali anthu sakondwa kuti muli ndi galimoto. Munthu wotere akugwirabe magalimoto a anthu mpaka lero, ovololo yoyera bwino, Baibulo pa shelefu. Dzina sinditchula, a admin angandichotse, komanso mtima wanga ukadali wowawa ndingalembe zoti n'kumangidwa nazo. Mawaya onse a injini anapsa, distributor, batire, boneti, ndalama zake ndikanalipirira mwana fizi chaka chonse.

Ndiye mverani. Galimoto ya kabuleta mafuta amayenda mofatsa, mphamvu yake siifika ndi theka la bar (muyeso womwe timayezera mpweya wa m'tayala). Ya EFI (yopopera mafuta mu injini ndi makina a magetsi) ngati yanuyo pampu ili mu thanki ndipo imakankha pafupifupi 3 bar, kuposa mpweya umene mumapopera m'tayala. Paipi ikang'ambika pamenepo sikudontha ayi, ndi kupopera injini yotentha. N'chifukwa chake pogula muwerenge zolembedwa pa paipi yeniyeniyo, osamvera za pakamwa. Yolembedwa SAE J30 R7 ndi ya kabuleta kapena yobwezera mafuta ku thanki. Ya EFI ikhale R9. Kachidutswa kokhala mkati mwa thanki pa pampu ndi R10, chifukwa zinazo kunja kwake sizipirira kumira mu petulo. Yosalembedwa kalikonse isiyeni pa kauntala pomwepo, mwina ndi ya madzi kapena ya mpweya.

Musaiwalenso kuti petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, mafuta ochokera ku nzimbe, zinayamba kale mu 1982 ku Dwangwa, kenako ku Chikwawa nakonso anayamba kupanga. Si mafuta oipa, koma labala wakale wa magalimoto a m'ma 1990 amene tinaitanitsa ku Japan amauma nawo n'kuyamba kusweka, kuphatikiza kutentha kwa mu Okutobala. Imodzi ikachita ming'alu dziwani kuti zinzake ndi za msinkhu womwewo. Sinthani zonse, yobwezera, ya pakhosi pothirira mafuta, ndi tating'ono topumira thanki. Ngati fungo limakula mukangothira fulu thanki, yambani kuyang'ana kumbuyo komweko. Mugwadenso muone mapaipi achitsulo a pansi, ena amabwera atadyeka kale ndi dzimbiri.

Amakaniko a pansi pa mtengo musawapatse ntchito imeneyi, ndanena. Ngati manja anu amagwira sipanala chitani nokha, si ntchito yovuta. Injini ikhale yozizira, panja pa mphepo, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Tukulani mpando wakumbuyo, zulani pulagi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha kuti mphamvu ya mafuta ithe, kenako chotsani waya wa negative pa batire. Pomasula mukulunge kansanza, amatulukabe pang'ono. Pa bawuti ya pa fyuluta pali mawashala awiri ofewa, muike atsopano, akale aja akafinyika kamodzi sagwiranso bwino. Makalampu mugule a EFI osalala mkati, aja a timabowo amadya labala mukamanga kwambiri. Mukamaliza musathamangire kumsewu. Ma Toyota amenewa ambiri kungotembenuza kiyi pa ON pampu siilira, ndiye pa kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS mulumikize timabowo ta +B ndi FP ndi kawaya, kiyi pa ON, pampu izilira injini ili chete, inu mukupapasa polumikiza ponse ndi pepala louma.

Komabe kunena zoona yanga anandikonzera ndi mdala wina wa pansi pa mtengo ku Biwi, alibe ngakhale chikwangwani. Ndipo paipi yofinyidwa ija sanaike yatsopano, anati za m'mashopu zambiri ndi feki, zolemba zokhazo ndi zoona. Anakachotsa original pa Corolla ina yangozi, anaipinda pamaso panga kuti ndione kuti ilibe ming'alu, ndipo inandiyendera mpaka ndinagulitsa galimotoyo. Ndiye kaya, mwina nkhani ndi munthu wake. Chachikulu muime pomwepo akamagwira ntchito, musapite kukadya chipisi, ndipo paipi yakale akupatseni m'manja.

Chozimitsira moto chija musamangosungira apolisi a pamsewu. Onani ngati muvi wake uli pobiriwira, ndipo chichoke mu buti pansi pa katundu, chikhale pansi pa mpando wanu. Tumizani chithunzi cha paipi ikudonthayo muno tione ngati ndi yopita kapena yobwezera, musanagule kalikonse.