Eriyo yopanda waya: kodi ndi chida chankhondo?

Mmodzi mwa inu wandilembera imelo kufunsa ngati n'zoona kuti asayansi amawombera maelekitironi (tizinthu tating'onoting'ono tonyamula magetsi) mumlengalenga kuti apange mafunde a wailesi, komanso ngati si chida chankhondo chobisika. Funso lachiwirili landipsetsa mtima pang'ono.

Ine mafundewa ndinayamba kuwakonda kalekale. Ndinalumikiza waya wautali ku kachipangizo kokuzira mawu, n'kupita kutali ndi mawaya a magetsi, poti kulira kwawo kumaphimba zonse. Usiku wonse kunali kuthetheka kokhakokha, kenako likhweru, lotsika pang'onopang'ono. Inali mphezi yakutali: mafunde ake amatsata mizere ya maginito a dziko, okwera n'kufika msanga, otsika pambuyo. Wofuna kufalitsa mphekesera pa nkhaniyi ayambe wamvetsera kaye, ndatero ine.

Mafunde otsika ngati amenewa, a 3 mpaka 30 kHz (kHz imodzi ndi mafunde 1,000 pa sekondi), ndi amene asayansi amafuna kupanga, koma chovuta n'kutalika kwawo. Funde limodzi la 10 kHz limatalika makilomita 30, ndiye eriyo yake iyeneranso kukhala yaikulu. Siteshoni ya ku Cutler, ku Maine ku America, yotumiza mauthenga kwa sitima zoyenda pansi pa nyanja, ndi nkhalango ya nsanja. Zimenezo mungazikweze pa roketi? Ndiye anthu anaganiza: tulutsani maelekitironi, muziyatsa n'kuzimitsa mofulumira, mzere wawowo ukhale eriyo.

Anayesadi. Mu 1975 France ndi Soviet Union anaponya maroketi a ARAKS kuchokera ku Kerguelen. Mu 1985, pa ulendo wa Spacelab 2, kachipangizo komwe anakamasula pa chombo cha Challenger kanamva mafunde ochokera ku mzere wotere. Koma amphekesera sakuuzani ichi: chombo chikataya maelekitironi chimatsala ndi chaji ya pozitivu, n'kuyamba kuwakokanso. Mphamvu yosanduka mafunde ndi kachigawo kochepa zedi.

Nanga akulimbikiranji?

Mu 1962 America inaphulitsa bomba la nyukiliya la Starfish Prime kumwamba, maelekitironi ake n'kukodwa m'maginito a dziko, masetilaiti angapo n'kuwonongeka, kuphatikizapo Telstar. Mafunde otsikawa atha kukankha maelekitironi oterewa kuti agwere mumpweya.

Ndiye inu wondilembera: zimatheka, ndipo asilikali ali nazo chidwi, koma pofuna kuteteza masetilaiti. Ngakhale iwowo, potumiza setilaiti ya DSX mu 2019, anaimangirira eriyo yeniyeni ya mamita 80.