Kompyuta ikulira zachilendo? Yambani mwapulumutsa mafayilo

Achemwali, mwati kompyuta ya m'shopu mwanu ikangoyatsidwa m'mawa imachita khererere kwa mphindi zingapo n'kusiya yokha, koma masiku ano mwayamba kumvanso kaphokoso kakuti tiki, tiki, ndipo nthawi yomweyo mafayilo amachedwa kutseguka. Mwatinso ntchito zonse za makasitomala, makadi a ukwati, zithunzi ndi makalata ofunsira ntchito, zili momwemo. Ena m'gulu muno akuti mungothira mafuta pa fani. Ine ndikupemphani kuti musayambire pamenepo.

Maphokoso amene mwafotokozawa ndi awiri, ndipo kuopsa kwake n'kosiyana. Khererere wa m'mawa uja nthawi zambiri amakhala fani imene mafuta a pakati pake auma: ikazizira imakhula, ikatenthera imakhala chete. Imeneyo mungagule ina lero lomwe. Koma tiki tiki wobwera limodzi ndi kuchedwa kwa mafayilo ndi amene wandidetsa nkhawa, chifukwa umo ndi m'mene hard drive, chipangizo chosunga mafayilo onse m'kompyuta, imalirira ikayamba kufa. M'kati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Kamkonoko kakalephera kuwerenga malo ena kamabwerera poyambira n'kuyesanso, n'kubwereranso, ndipo kugogoda mukumvako kungakhale kumeneko. Ola lililonse limene hard drive yotere ikuzungulira likhoza kukhala lomaliza.

Ndiye lero lomwe, musanamasule chilichonse, pezani hard drive yakunja kapena fulashi yaikulu mukopere mafayilo. Musasankhe zonse n'kukoka kamodzi. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina: ntchito za makasitomala zimene sanatenge, mabuku a ndalama, zithunzi za pabanja. Nyimbo ndi mafilimu zidikire. Kopani foda imodzi imodzi, ndipo fayilo ina ikakanirira, idumpheni mupitirire. Musaikakamize, chifukwa pamene yakanirirapo m'pamene pawonongeka. Pakadali pano musayendetse chkdsk kapena defrag, mapulogalamu a Windows ofufuza ndi kukonza hard drive, ngakhale wina akulangizeni motero. Zimenezo zimagwiritsa hard drive ntchito yakalavulagaga kwa maola ambiri, ndipo yodwala kale ikhoza kuthera pomwepo mafayilo anu ali m'kati.

Mukamaliza kukopera, m'pamene mufufuze chimene chikulira. Njira yachidule kwambiri ndi iyi. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha kukhoma, tsegulani chitseko cha m'mbali, ndipo mugwire kaye chitsulo cha bokosilo musanakhudze za m'kati. Zulani zingwe ziwiri zolowa mu hard drive, china chachikulu cha magetsi, china chaching'ono cha SATA. Kenako yatsani. Windows siyaka, kompyuta ingodandaula kuti sikupeza poyambira, musadandaule nazo. Inu tcherani khutu basi. Phokoso lililonse lotsala si la hard drive. Tiki tiki akasowa, mwamupeza mwini wake. Onetsetsaninso kuti simunaiwale DVD m'kati, chifukwa nayo imatha kuchita phokoso n'kumanamizira zina.

Mafani amakhala atatu kapena anayi: ya pa processor (ubongo wa kompyuta), ya kumbuyo kapena kutsogolo kwa bokosi, ya mu power supply (kabokosi kamene chingwe cha kukhoma chimalowamo), ndi ya pa graphics card (khadi lotumiza zithunzi ku sikirini) ngati ilipo. Bokosi lachitsulo limamwaza phokoso moti khutu lokha limanyengeka. Pindani pepala lolimba likhale ngati chitoliro, mbali ina kukhutu, ina muziilozetsa pa fani iliyonse mosinthasintha. Mukaikayikira ina, dinikizani chala pakati pake penipeni kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kuti iime, osakhudza mapiko. Phokoso likaleka, ndi yomweyo. Ya pa processor musaigwire nthawi yaitali. Ya mu power supply musailowetse kanthu kalikonse, ndipo bokosi lakelo musalitsegule n'komwe, chifukwa m'kati mwake mumatsalira magetsi otha kuvulaza munthu ngakhale chingwe chitazulidwa. Ngati yolira ndi imeneyo, sinthani power supply yonse.

Yang'ananinso bwino timawaya. Kawaya kamodzi kolendewera kokhudza mapiko a fani kamatulutsa tiki tiki wothamanga kwambiri wofanana ndi wa hard drive, ndipo mankhwala ake n'kungokamangira pambali. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kawaya saleka ndipo sachedwetsa mafayilo, pamene wa hard drive amabwera n'kupita, kawirikawiri mukamatsegula chinthu.

Phokoso lina ndi la wuuu, longa la mphepo, limene limakula mukatsegula mapulogalamu ambiri. Limenelo si kuwonongeka, ndi kutentha. Shopu ikakhala m'mbali mwa msewu, fumbi la miyezi ya September ndi October limamatirira pa zitsulo zoziziritsa processor, mpweya n'kusowa podutsa, fani n'kumathamanga mopitirira. Tulutsani kompyuta panja muipemerere ndi bulowa, mutagwira mapiko a fani kuti asazungulire ndi mphepoyo. Musapemerere ndi pakamwa, malovu amafika pa board. Ndipo ichotseni pansi, muiike pa tebulo kapena pa thabwa lokwera.

Za mafuta zija, sindikukana kuti zimathandiza. Pa mafani ambiri otchipa, mukamatula kapepala kakumbuyo mumapeza kabowo, ndipo kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera kamaikhazika chete kwa kanthawi. Koma ndi kwa kanthawi chabe, ndipo mafuta ophikira musayese, amauma n'kukhala ngati ulimbo, fani n'kuima. Bwino kugula ina. Tengani yakaleyo popita kogula, chifukwa zilipo za 80 mm, 92 mm ndi 120 mm, zina za mapini 3, zina 4, ndipo makompyuta ena a Dell ndi HP ochokera m'maofesi amakhala ndi mapulagi awoawo osagwirizana ndi fani wamba.

Tibwerere ku hard drive, poti nkhani yaikulu ili kumeneko. Mukailumikizanso, ikani pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo. Imawerenga zimene hard drive imalemba yokha za thanzi lake, zotchedwa SMART, n'kukuonetsani Good mu mtundu wa buluu, Caution mu wachikasu, kapena Bad mu wofiira. Yang'anani mizere itatu: Reallocated Sectors Count, Current Pending Sector Count ndi Uncorrectable Sector Count. Iyi ikunena za malo amene awonongeka pa timbale tija. Ikaonetsa Caution, hard drive imeneyo musaisungitsenso ntchito za anthu. Koma ngakhale ionetse Good, kugogoda kukapitirira khulupirirani khutu lanu, chifukwa zilipo zimene zimafa SMART isanachenjeze.

Ikafika poti kompyuta sikuionanso hard drive, zimitsani ndipo muleke kuyatsayatsa poyesa mwayi. Musaiike mu firiji monga ena amanenera, chinyontho chimalowa m'kati. Musaimenye, musaitsegule. Pitani nayo kwa okonza, ndipo mawu oyamba muwauze kuti chimene mukufuna ndi mafayilo, asafomate, asaike Windows yatsopano. Izi muzinene momveka, chifukwa ambiri akamva kuti kompyuta ikuchedwa amathamangira kufomata. Afunseni ngati angathe kukopera hard drive yonse pa ina ndi pulogalamu ngati ddrescue, imene imayamba yatenga malo abwino n'kubwerera pa owonongeka pambuyo.

Posintha, gulani SSD, chosungira mafayilo cholowa m'malo mwa hard drive, ya SATA ya mainchesi 2.5. Imalowa pa zingwe zomwezo, ilibe chozungulira m'kati ndiye siilira, ndipo kompyuta yakaleyo idzayamba kuyaka msanga. Dziwani chabe kuti SSD ikamafa sigogoda kukuchenjezani, choncho chizolowezi chokopera ntchito pa hard drive yakunja Loweruka lililonse chikhalepobe. Ndalama ikalola, onjezani UPS yaing'ono, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima, poti magetsi akathima mwadzidzidzi kompyuta ili m'kati molemba, mafayilo amawonongeka. Mukayendetsa CrystalDiskInfo, jambulani sikirini ndi foni mutumize muno, tione limodzi mizere itatu ija.