Za positala ya Profondo rosso imene mwafunsa ija

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwapeza positala ya filimu ya Profondo rosso pa intaneti, wogulitsa akuti ndi screen print (yodindidwa pokankha inki kudutsa pa sefa ya nsalu) ya limited edition (makope ochepa owerengeka), m'munsi mwake mwalembedwa nambala ndi pensulo, ndipo mukufuna kudziwa ngati mtengo wake uli woyenera komanso ngati mungadzaigulitse mokwera m'tsogolo muno. Ine ndakhala ndikutolera mapositala a mafilimu a ku Italy amenewa kwa zaka zingapo kuno ku Britain, ndiye ndiloleni nditambasule pang'ono, chifukwa ndalama zimene mwatchulazo si zochepa.

Nambala ija isakutengeni mtima msanga. Pensulo aliyense ali nayo. Munthu akhoza kusindikiza chithunzi pa makina a mu ofesi, n'kulemba 37/150 pakona, basi mwagula. Chimene mukulipira pa screen print ndi inki ndi manja amene anaipaka, ndiye maso anu ayambire pamenepo.

Ngati munaimapo pa anyamata odinda matisheti a kwaya kapena a timu ya mpira ku Limbe, ntchitoyi mukuidziwa kale. Pamakhala felemu, nsalu yopyapyala yokokedwa ngati sefa, inki, ndi chopalira cha labala chokankhira inkiyo kuti idutse m'timabowo totseguka tokha. Mtundu uliwonse uli ndi sefa yakeyake. Positala ya mitundu 7 ndiye kuti pepala lililonse lagona pansi pa sefa kasanu ndi kawiri, ndipo pakati ponsepo amadikira kuti liume, kenako n'kuligoneka pamalo omwewo ndendende kuti chofiira chisalowerere pa nkhope ya munthu. N'chifukwa chake amadinda ochepa, 100, 200, mwina 300, akatha amatsuka masefa aja. Mawu akuti limited edition tanthauzo lake lenileni ndi limenelo.

Ikakhala m'manja mwanu, siivuta kuizindikira. Inki ya screen print imakhala pamwamba pa pepala, siilowa mkati. Mukayendetsa chala chouma pang'onopang'ono pamene chakuda chathera, mumamva kamzere kotukuka. Mukaipendeketsa cha pawindo, malo ena amanyezimira, ena ali mbuu, malinga ndi inki imene inagwera pamenepo. Tsiku limene ndinatsegula yanga yoyamba, chipinda chonse chinamveka fungo la inki, ndipo ndinakhala nthawi yaitali nditagwada pansi ndikungoyang'ana mmene chofiira chinakhalira ndi thupi, ngati penti ya pakhoma imene yangouma kumene. Makina wamba sangakupatseni chofiira chotere.

Popeza inu muli ku Blantyre ndipo positala ili kutali, muuzeni wogulitsa ajambule pafupi kwambiri ndi foni, pamalo pamene mitundu iwiri yakumana. Mukaona timadontho ting'onoting'ono ta buluu, chikasu, pinki ndi takuda titasanjana ngati timaluwa, imeneyo ndi ya makina osindikizira magazini. Mukaona ngati fumbi la inki lowazidwa, imeneyo ndi giclée, yochokera pa pulinta yabwino. Giclée si chinyengo ayi, ena amaigulitsa moona ndi dzina lake, koma isakwere mtengo wa screen print. Screen print nayo nthawi zina imakhala ndi madontho popanga mthunzi, koma ake amakhala okulirapo, a mtundu umodzi, m'mbali mwake muli gwa.

Chimene chinandikokera ine ku mapositala amenewa ndi mmene mafilimuwo amakondera mitundu. A ku Italy amawatcha giallo, kutanthauza chikasu, chifukwa kuyambira 1929 kampani ya Mondadori ya ku Milano inkatulutsa mabuku a nkhani za kupha ndi ofufuza milandu okhala ndi zikuto zachikasu, mpaka dzinalo linamatirira. Mario Bava ndiye anatsegula njira m'mafilimu mu 1963, ndipo mu 1964, mu Sei donne per l'assassino, anaika chigawenga chobisa nkhope, cha magolovesi akuda, pakati pa magetsi ofiira ndi ofiirira. Dario Argento anadzaikweza nkhaniyi mu 1970, ndipo Profondo rosso yanuyo ndi filimu yake ya 1975, David Hemmings akusewera ngati woimba piyano amene waona munthu akuphedwa, nyimbo zake za gulu la Goblin. Dzina lokhalo likutanthauza kufiira kwakuya. Ndiye wojambula akapatsidwa filimu ngati imeneyi, safuna mitundu yambirimbiri. Chofiira, chakuda, chikasu pang'ono, golovesi, mpeni, diso, kachidole. Zinthu zosalala, zakuthwa m'mbali, zimene sefa imadinda bwino kuposa njira ina iliyonse. Filimu ndi kadindidwe zinangopezana.

Tsopano apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, ndipo mumvetsetse. Mapositala a mafilimuwa alipo a mitundu iwiri yosiyana kotheratu. Alipo akale enieni, amene ankamatidwa m'makanema ku Italy filimu ikutuluka. Amenewo si screen print, alibe nambala, pepala lake ndi lopyapyala, ndipo akuluakulu ake nthawi zambiri amabwera atapindidwa chifukwa ndi mmene ankatumizidwira. Ali ndi mayina ndi miyeso yawo: locandina, yowonda yaitali ya masentimita 33 ndi 70, due fogli ya 100 ndi 140, quattro fogli ya 140 ndi 200. Ankajambula ndi manja akatswiri ngati Sandro Symeoni, Enzo Sciotti ndi Renato Casaro. Ndiye alipo atsopano, ojambulidwa masiku ano ndi anthu okonda mafilimu akalewa, amene anatchuka kwambiri kudzera ku kampani ya Mondo ya ku Austin, Texas, ndipo makampani ena ngati Bottleneck Gallery ndi Vice Press amachitanso zomwezo. Muyeso wawo wofala ndi mainchesi 24 ndi 36, pafupifupi masentimita 61 ndi 91, pepala lokhuthala, lopombedwa m'chubu osati kupinda. Wogulitsa wanuyo akanena kuti positala yake ndi ya 1975 komanso ndi screen print ya nambala, mfundo ziwirizi sizikhalira limodzi. Musiyeni.

Mufunseni dzina la wojambula, kampani imene inatulutsa, ndi chaka. Zitatuzi mukapita nazo pa webusaiti ya Expresso Beans, kumene otolera amalemba mapositala amene anatuluka, muona kuti anadinda angati, muyeso wake, ndi mitengo imene anthu akhala akugulitsirana. Nambala ya pansi ija, 150 kapena 200, igwirizane ndi zimene zalembedwa kumeneko. Mukaona AP m'malo mwa nambala, amenewo ndi makope amene wojambula anapatsidwa kuti akhale ake, ndipo ndi enieni. Mukamva variant, ndi chithunzi chomwecho koma mitundu ina, chodindidwa chochepa kwambiri. Ine variant sindiithamangira. Kawirikawiri wojambula amathera nzeru zake pa yoyamba ija, ndipo pa giallo, kuchotsa chofiira n'kuikapo chobiriwira kumandipweteka. Palinso ena amene gulu la anthu limangosonkha ndalama n'kulemba wojambula popanda chilolezo cha eni filimu. Ena mwa amenewo ndi okongola zedi, koma mudziwe chimene mukugula, ndipo wogulitsa asakubisireni.

Za kudzagulitsa mokwera, ndikuuzani zoona: musagule ndi maganizo amenewo. Okonda giallo ndi ochepa poyerekeza ndi okonda mafilimu akuluakulu a ku Hollywood, ndipo wodzagula wanu adzakhala ku Ulaya kapena ku America. Muwerengere ndalama yoitumizira kubwera, msonkho wolowera, kenako yoitumiziranso kubwerera, komanso kakona kamodzi kakangopindika mtengo wagwa. Ngati ndi chithunzi chimene mungamadzuke n'kuchiyang'ana m'mawa uliwonse osatopa nacho, ndalama yanu yapita pabwino.

Ikafika, nkhondo ina ndi kusunga. Ine ndinataya imodzi imene ndinkaikonda kwambiri chifukwa wogulitsa wina anaitumiza m'chubu cha katoni yofewa, chinaphwanyika pakati, ndipo mzere woyera unadutsa pankhope ya mkazi wa pachithunzipo, pomwe inki inasweka. Mpaka lero ndikaitulutsa mtima umandiwawa. Ndiye muumirire chubu cholimba, chachikulu m'mimba, positala ikulungidwe m'pepala lakhaki, ndipo mbali zonse ziwiri mukhale mpata kuti makona asagunde chivindikiro. Musaisiye m'chubumo miyezi, imazolowera kupombeka. Itulutseni ndi manja osamba ndi ouma, muigoneke patebulo, pepala loyera pamwamba, mabuku m'makona, masiku angapo.

Selotepu ndi guluu zisayandikire n'komwe, ndipo wopanga felemu mumuuze mobwereza kuti asaimate pa thabwa, chifukwa ambiri anazolowera kutero ndi zithunzi za ukwati ndi masatifiketi. Pakati pa galasi ndi inki pakhale kampata, apo ayi nthawi ya mvula chinyezi chidzamatitsa inki pagalasi ndipo chuku chidzamera. Khoma limene limachita thukuta mu Januwale ndi Febuluwale lipeweni, komanso limene dzuwa la masana limafikapo, chifukwa chofiira ndi chimene chimayamba kusuluka.

Akakutumizirani zithunzi zapafupi zija, pamodzi ndi cha kona imene pali nambala ndi cha kuseri kwa pepala, ziikeni pompano tizione limodzi musanatumize ndalama.