Kuyankha msuweni za Robin Hood

Eee, msuweni, ndamva. Pepa ndachedwa, ndinali kuchigayo. Ndiye akuti wafunsa kuti anthu a m'mafilimu akale a malupanga aja ankadziwadi kusewera, kapena ankangolumphalumpha n'kumamwetulira. Hmm. Iweyo? Iwe amene unkagona filimu isanafike n'pakati pomwe, dovu chuchuchu paphewa langa? Usandinamize. Kamnyamata kako kaonera Robin Hood, ndiye ndi nkhani yoba shuga ija ukuopa kuti kapeza mphunzitsi. Si choncho?

Dikira, ndifika.

Ukukumbukira shedi ya amalume? Deki, batire ya galimoto, mabenchi atatu, enafe pansi. Tepi ya Robin Hood ija, ya 1939... ayi, 1938, The Adventures of Robin Hood. Anthu ankafuna za karate, koma amalume Lachisanu lililonse ankaika imeneyo, mufune musafune. Chingerezi chawo umachidziwa. Errol Flynn, wosewera Robin uja, akulowa m'nyumba ya mfumu anthu ali pa phwando, gwape ali paphewa, n'kumuponya patebulo pamaso pa Prince John, amalume amvekere, "Akuti ndabweretsa ndiwo, nsima ili kuti?" Ife kukhulupirira! Ndinakula ndithu ndisanadziwe kuti nkhani inali yoti gwape ndi wa mfumu, ukamupha nawenso uphedwa.

Ndiye tsiku lija... unalipo kodi? Ayi, nthawi imeneyo munali mutapita kale kwa agogo, chaka chovuta chija. Batire inatha ndewu yomaliza ili mkati. Pamasitepe paja, mithunzi ya anthu awiri ikumenyana pakhoma, basi sikirini phi! Anthu kuyamba, "Ndalama zathu, ndalama zathu!" Amalume osatekeseka. Anatuma mwana kukatenga mthiko kwa azakhali, iwo n'kunyamula tsache, n'kuitana mkulu wogulitsa zitumbuwa uja kuti akhale Robin. Iwo anasankha kukhala woipayo. Nthawi zonse ankasapota woipayo, Basil Rathbone, ankamutcha Chimphuno. Anamenyana mpaka panja, fumbi kobo, ndipo amalume anafa bwino kwambiri, kugwera pa mulu wa njerwa, msana n'kuwavuta mpaka Khirisimasi. Palibe anafunsanso ndalama. Azakhali okha ndi amene anafunsa za mthiko wawo.

Aaa, amalume. Iii.

Koma pa Chimphuno sankalakwa, ndiye mwina funso lako lonamizira lija ndaliyankhako. Flynn nkhope ndi imodzi, kuseka, manja m'chiuno, kuseka. Koma thupi limamumvera, akalumpha umakhulupirira kuti munthuyu mantha alibe. Wosewera weniweni ndi Rathbone. Anabadwira ku Johannesburg, ukudziwa? Ku Joni komwe kuli achimwene. Lupanga ankalidziwa zenizeni, osati zophunzira dzulo, koma ntchito yake inali yogonja. Flynn anamupha mu Captain Blood mu 1935, n'kudzamuphanso mu 1938. Mu 1940 Tyrone Power naye anamupha mu The Mark of Zorro. Mmenemo muli pa kandulo paja: Rathbone adula kandulo kuti aopseze mnzake, Power naye n'kudutsitsa lupanga, kandulo osagwa. Rathbone kuseka kuti waphonya. Power n'kungonyamula kamutu ka kandulo, kaduka kalekale. Ukaone nkhope ya Rathbone pamenepo, kuseka kuja mmene kukuzimira. Osewera a lero ambiri sangathe.

Ndimati chiyani? Eya, mwana.

Pa ndewu ya pamasitepe ija pali malo amene amalume ankaimitsa tepi. Chimphuno wagwa, lupanga lamupulumuka. Robin akanangomubaya, nkhani n'kutha. Koma akulikankha ndi phazi kumubwezera. Patsogolo pake Chimphuno yemweyo akusolola kampeni mwakabisira. Amalume ankangoti, "Mwaona?" n'kupitiriza. Sankamasulira chilichonse pamenepo, anthu olongolola ngati iwo.

Ndiye za dimba zija, pepala la anthu amene ankalimbana nawo dimbalo litagwa panjira, ukuganiza amalume analibweza chifukwa chiyani? Azakhali anakhala sabata yathunthu osawayankhula. Ine mpaka lero sindidziwa ngati ndinawakhululukira, dimba lija linali ndi nzimbe zabwino.

Ndiye musiye mwanayo aonere. Za kubazo usade nazo nkhawa kwambiri, mufilimumo wakuba wamkulu ndi Prince John, wokhometsa anthu msonkho ponamizira kuti akawombolere mkulu wake, mfumu Richard, ku Austria, ndalamazo n'kudya yekha. Mwana amaziona zimenezo. Chimene chimatsala m'mutu ndi lupanga lobwezedwa lija.

Wandimva? Ndikuti usamuletse. Ukhale naye pompo, ndipo ikafika pamasitepe uimitse, umuyang'ane, usanene kanthu. Ndikudziwa kuti kwa iwe kukhala chete ndi chilango, koma yesa.

Shuga ndi nkhani ina, ameneyo umulipiritse, atunge madzi sabata yonse. Koma filimuyo aonere, lupangalo alione likubwerera. Ndipo usagone. Alamu, ngati mukumva, mumutsine akayamba kusinza.