Kodi Malonda a pa Intaneti Amanditsata Bwanji?

Funso: Nditayang'ana mitengo ya mafoni patsamba lina, malonda a mafoni omwewo anayamba kuoneka pa Facebook yanga. Zimatheka bwanji? Wowerenga, Zomba.

Yankho: Mukangotsegula tsamba, limalemba mtundu wa foni yanu, dera limene muli ndi zimene mwadina, ndipo limasiya m'foni timafayilo totchedwa ma cookies toti likuzindikireni mukabweranso. Masamba ambiri amalonda amaikanso kapulogalamu ka kampani ya Meta, eni ake a Facebook, kotchedwa Pixel, kamene kamauza kampaniyo katundu amene mwayang'ana, ndipo m'pamene otsatsa malonda amakupezerani.

Musaitenge mopepuka nkhaniyi, chifukwa mu 2018 zinadziwika kuti kampani ya Cambridge Analytica inapeza zinsinsi za anthu pafupifupi 87 miliyoni a pa Facebook, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe. Kuno kwathu lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 linapatsa MACRA, bungwe la boma loona za mafoni, mawayilesi ndi Intaneti, udindo woyang'anira nkhani zimenezi. Komabe inuyo muzikana ma cookies osafunika, muziwafufuta kawirikawiri, ndipo tsamba logulitsa katundu likakufunsani nambala ya chiphaso chaunzika popanda kufotokoza chifukwa, musapereke.