Makamera a analogi kapena a IP: oyenera pa nyumba ndi ati?

Funso: Ndikufuna kuika makamera anayi pa nyumba panga: imodzi pa geti, ina pakhomo lakumaso, awiri kuseri. Geti lili pa mtunda wa mamita 60 kuchokera pabalaza pomwe padzakhale makina ojambulira. Wogulitsa wina akuti a analogi ndi achikale, wina akuti a IP ndi ovuta ndipo sagwira popanda intaneti. Ndimvere ndani?

Yankho: Onse awiri akukokera kwawo. Analogi ya masiku ano si ija ya zithunzi zachimbuuzi ayi. Makamera a analogi amakono, a mitundu ya AHD, TVI ndi CVI, amatulutsa zithunzi za 2MP, 5MP mpaka 8MP (MP ndi muyeso wa timadontho topanga chithunzi) pa waya wa coaxial, wonga wa mlongoti wa TV. Nawonso a IP safuna intaneti kuti ajambule. Intaneti imafunika pokhapokha mukafuna kuona pa foni muli kutali, ndipo zimenezi n'chimodzimodzi kwa mitundu yonse iwiri.

Kusiyana kwenikweni kuli pa waya ndi magetsi, ndipo ndi pomwe muyenera kuyambira musanayang'ane n'komwe bokosi la kamera.

Kamera ya analogi imafuna njira ziwiri: waya wa coaxial wa RG59 wonyamula chithunzi kupita ku DVR (makina ojambulira a analogi), wokhala ndi mitu yolumikizira ya BNC, ndi waya wina wa magetsi a 12V. Chithunzi cha 2MP chimayenda mamita 300 pa RG59 wabwino osavuta. Chimene chimafooka msanga ndi magetsiwo. Pa waya wochepa thupi komanso wautali, 12V imatsika isanafike ku kamera. Masana simungadziwe kanthu. Kukada, timagetsi ta infrared tothandiza kamera kuona usiku tikayaka, kamera imakoka mphamvu yambiri, ndiye imayamba kuzima n'kuyakanso, kapena chithunzi chimadzaza mizere. Anthu ambiri amathamangira kusintha kamera pomwe vuto lili pa waya. Pa mamita 60 anuwo, mukasankha analogi, gulani waya wa magetsi wonenepa, kapena ikani adaputa yakeyake pafupi ndi geti, m'bokosi losalowa madzi.

Kamera ya IP yokhala ndi PoE (njira yotumizira magetsi pa waya wa netiweki) imagwiritsa ntchito waya mmodzi wa Cat5e kapena Cat6, chithunzi ndi magetsi zonse momwemo. Magetsi ake amayenda pa 48V kapena kuposerapo pang'ono, n'chifukwa chake kutsika kuja sikuvutitsa. PoE wamba imapereka mawati 15.4 pa doko lililonse, zokwanira kamera ya pa nyumba. Malire ake ndi mamita 100 pa waya mmodzi. Kupyola apo pamafunika switch (kabokosi kolumikizira mawaya a netiweki) pakati kapena kachipangizo kowonjezera mtunda. Geti lanu lili mkati mwa malirewo.

Ndiye kwa inu amene mukuyamba kumene, popanda waya wakale m'siling'i, tengani NVR (makina ojambulira a makamera a IP) yokhala ndi madoko a PoE ndi makamera a IP a 4MP. Mukatenga kamera ndi NVR za kampani imodzi, kuvuta komwe akunenako kulibe: mumalowetsa waya kuseri kwa NVR, chithunzi chimabwera chokha pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukasakaniza makampani, onetsetsani kuti zonse zili ndi ONVIF (njira yoti zipangizo za makampani osiyana zizimvana), komabe dziwani kuti zina, monga kusiyanitsa munthu ndi galu, zikhoza osagwira. Tengani NVR ya madoko 8, osati 4, chifukwa kamera yachisanu imafunika nthawi zonse mukaona malo amene atsala osaoneka. Analogi ndi yabwino pamene nyumba ili kale ndi coaxial wabwinobwino, pamene mtunda wapyola mamita 100, kapena ndalama zikachepa, poti kawirikawiri imatsikirapo mtengo.

Pa mitundu yonse iwiri, chenjerani ndi waya wa CCA, amene ndi aluminiyamu wokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Amaoneka ngati weniweni. Palani kawaya kamodzi ndi mpeni: mukaona zoyera mkati, musiyeni. Amathyoka pa mitu, amadya magetsi, ndipo pa PoE ndiye amasautsa kwambiri.

Funso: Hard disk ya 1TB isunga masiku angati?

Yankho: Werengani chonchi. Kamera yojambula pa 1 Mbps (muyeso wa data yomwe imatumiza pa sekondi) usana ndi usiku imadya pafupifupi 10.8GB pa tsiku. Kamera ya 4MP pa H.265 (njira yopanikizira kanema kuti asadye malo ambiri) mukaiika pa 2 Mbps, makamera anayi ndi 8 Mbps, kutanthauza 86GB pa tsiku. Pa 1TB ndi masiku 11, pa 2TB masiku pafupifupi 22. Mukasiya pa H.264, njira yakalepo, malowo amatha msanga. Gulani disk yopangidwira kujambula osapuma, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Ya kompyuta wamba imagwira ndithu, koma sinapangidwire ntchito yolemba maola 24 tsiku lililonse, ndipo nthawi zambiri mumadzazindikira kuti inafa tsiku limene mukufuna kuona wakuba.

Funso: Nanga kuti nkhope ya munthu pa geti izioneka bwino, ndigule ya 8MP?

Yankho: Musanawonjeze ma MP, onani lenzi ndi pomwe mwaika kamera. Lenzi ya 2.8mm imaona malo aakulu, pafupifupi madigiri 100, koma munthu amene ali pa mamita 10 amaoneka kang'onong'ono. Pa geti ikani ya 4mm kapena 6mm, yoloza pomwe munthu amadutsira. Ikhale mamita 2.5 mpaka 3 kuchokera pansi. Mukaikweza pamwamba kwambiri mudzajambula zipewa ndi madazi okhaokha.

Usiku, khoma loyera likakhala pambali penipeni pa kamera, kuwala kwa infrared kumabwerera, khomalo limawala mbuu, kutsogolo konse n'kuda bii. Itembenuzeni pang'ono kuti khoma lituluke m'chithunzi. Akangaude amakondanso kumanga ukonde pa galasi chifukwa cha tizilombo tobwera pamenepo, choncho muzipukuta mwezi uliwonse.

Polumikizira waya panja pakhale m'bokosi lotseka bwino, waya alowere pansi pa bokosilo kuti madzi a mvula azidontha asanafike pa mutu. Kamera ikhoza kukhala ya IP67, yosalowa madzi ndi fumbi, koma mutu wa RJ45 (wa waya wa netiweki) kapena BNC ukachita dzimbiri chithunzi chimasowa basi. Waya wopita ku geti adutse m'paipi, kutali ndi waya wa magetsi a m'nyumba, ndipo kumene kumagwa mphezi ikani choteteza ku mphezi pa waya ameneyu.

UPS, batire lothandiza magetsi akazima, ikhale pa NVR. Pa PoE makamera onse amadya kuchokera pomwepo, ndiye magetsi akazima zonse zimapitiriza kujambula. Pa analogi muyenera kulumikizanso bokosi la 12V ku UPS, apo ayi DVR idzajambula mdima. Tsiku loyamba lomwelo ikani pasiwedi yolimba, konzani tsiku ndi nthawi, ndipo makina ojambulirawo muwabise, asakhale poonekera pansi pa TV pomwe wakuba angawanyamule pamodzi ndi umboni wonse.